Mukaulandira, Dinani 1

Kumsasa wa pasukulu
4 Febuluwale

Okondedwa Achimwene,

Moni kwa inu, alamu anga ndi ana. Kaya kutauniko muli bwanji, ife kuno tilipo, kungoti kukhalapo kwake ndi kwa nkhuku yovumbwa. Madzi anagwetsa nyumba mbali ya kukhitchini, ndipo makina anga osokera ali pansi pa matope. Tonse tinathawira kusukulu ya pamtunda ija, madzi n'kutizungulira mbali zonse. Ine, ana ndi Ababa tikugona m'kalasi la ana ang'onoang'ono, pansi pa bolodi lomwe likadali ndi masamu a tsiku limene mvula inayamba. Foni yanga inamwa madzi, n'chifukwa chake mukuona pepala la m'kope. Kalatayi bambo a ana akaipereka kwa dalaivala wa lole pamlatho woduka uja.

Nkhani ndi iyi. A bungwe lanu anabwera, anatiwerenga, anasankha komiti, n'kusiya foni imodzi ndi kasola kotchajira. Popeza boti la injini kuno ndi la bambo a ana lokha, anawapatsa khadi n'kuwauza kuti ufa wa msasa uno azikatenga ku depoti ya pamlatho. Apitako kawiri, ndipo kawiri konse abwera chimanjamanja. Akuti kalaliki wa pamenepo amaika khadi pakamakina kake n'kunena kuti, “Bambo, makina akuti inu munalandira kale.” Tinalandira liti? Kutulo?

Chonsecho maboti a misasa ina akuchoka pamlathopo atalemedwa ndi matumba, ndipo ndamva kuti kumsasa wa kwawo kwa alamu anga ufa akuchita kuupondaponda. Sindikunena kanthu ayi, Achimwene. Ndikungokumbukira kuti amene amakhala pa kompyuta yotumiza malole ndinu, komanso kuti chala cha mwamuna chimakonda kuloza kumene mkazi wayang'ana.

Ana akumwa phala lamadzi kamodzi patsiku. Anthu ayamba kutiyang'ana cham'mbali, ndipo ndikafika pamjigo nkhani zimaduka. Amati mchimwene wake ali ku ofesi ya ufa, mwamuna wake ali ndi boti la ufa, nanga ufawo uli kuti? Inenso ndikufunsa chomwecho. Ndiyankheni msanga, musachite zanu zija zoyankha chaka chamawa.

Ndine mlongo wanu.

*

Kumosungira katundu, m'tauni
8 Febuluwale

Mlongo wanga,

Ndathokoza Mulungu kumva kuti nonse muli moyo. Alamu ako akupereka moni, ngakhale ndawabisira ndime ija unawalasa nayo. Pakamwa pako madzi osefukira sanakokolepo kanthu, ndaona.

Tamvera ndikufotokozere, chifukwa ukuyankhula zinthu zimene sukuzidziwa. Kale bungwe lililonse linkayenda lokha: ili latumiza ufa kumene lina latumiza kale, kwina anthu akugona ndi njala. Chaka chino tagwirana manja. Ena akupereka ufa, ena malole, ena akuyang'anira maboti, ndipo tonse tikuona pa kompyuta imodzi. Ine sindingasunthe thumba ngakhale limodzi osaonedwa ndi anzanga a mabungwe enawo. Lole ikanyamuka pano, dzina la msasa limasanduka lachikasu, ndipo kompyuta imatumiza mawu ku foni ya msasawo. Mawuwo ndinalemba ndine, mabwana mpaka anandiyamikira kuti ndi achidule: “Uthenga kwa a komiti: ufa wanyamuka. Mukaulandira, dinani 1.” Akadina 1, dzina limasanduka lobiriwira, nkhani yatha. Matumba aliwonse otsala pa depoti amapita kwa amene akadali achikasu.

Tsono msasa wanu ndi wobiriwira, mlongo wanga. Kawiri konse. Ndayang'ana mpaka maso kuwawa. Tsiku limene khadi la amuna ako laoneka pa geti ya depoti ndi tsiku lomwelo limene foni yayankha kuti 1. Ndipo foniyo inalembetsedwa m'dzina la ndani? La amuna ako omwewo.

Ine sindinanene kanthu, monga iwenso sunanene kanthu. Koma pakati pa mlatho ndi sukulu pali mtunda, ndipo m'mbali mwa madzi muli timisika tambiri tomwe tabadwa ndi chigumulachi. Kalaliki kunena kuti “munalandira kale” unamumva ndi makutu ako, kapena unauzidwa ndi a Chete? Munthu ameneyu chikwatirireni iwe sindinamumvepo akumaliza ziganizo zitatu. Munthu wosayankhula sudziwa chimene wameza.

Usamuuze zimenezi. Ungotsegula maso: akabwera uyang'ane m'boti, uyang'ane zovala, uone ngati wayamba kugula zinthu zachilendo. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ntchito yanga ili pamoto chifukwa aliyense pano akudziwa kuti msasa umenewo ndi wa kwathu.

Ababa uwauze kuti mankhwala awo a miyendo ndapatsira anamwino amene akubwera kumeneko sabata yamawa.

Mchimwene wako.

*

Kumsasa wa pasukulu
12 Febuluwale

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa Amayi anatiphunzitsa kutero, osati chifukwa mtima ukufuna. Kalata yanu anabwera nayo ndi munthu yemwe mukumutcha mbavayo. Anaitulutsa m'kati mwa malaya ili youma, iwo ali chinyowere, n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinaiwerenga iwo ali pambali panga akupukuta injini, ndipo atafunsa kuti alamu akuti bwanji ndinati akupereka moni.

Munayamba kalekale kudana nawo bambo a ana, chifukwa sanafike nanu kusukulu zapamwamba. Pa ukwati wathu munati ndakwatiwa ndi chitsa. Chitsa chimenecho ndi chimene chinanyamula Ababa pamsana madzi ali m'chifuwa, inu muli pa mpando wozungulira mukuyang'ana mitundu. Chobiriwira chanucho sitingaphike. Makina anga osokera akalumpha ulusi ndinkawatsegula n'kuona chavuta, sindinkanena kuti nsalu ndi yabodza.

Dzulo anapitanso kachitatu, n'kubweranso opanda kanthu. Amuna a pamsasa anawadikirira pagombe. Wina anakuwa kuti, “Kodi a boti, ufa wathu ukukoma kumene mukuusiyako?” Iwo anangomangirira boti n'kudutsa pakati pawo osayankha. Kusayankhako ndi kumene kukuwapsetsa mtima anthu, ndipo kunena zoona inenso kwayamba kunditopetsa.

Tsopano ndinene chinthu chimodzi, koma chithere pakati pa inu ndi ine. Mwandilowetsa chinthu m'mutu ndipo chikukana kutuluka. M'mawa uno ndikuchapa jekete lawo ndapeza ufa pamapewa, woyera mbee, mpaka m'kolala. Nditawafunsa anangoti, “N'za ntchito.” Ndinati ntchito yanji poti simunanyamule kanthu? Anangotuluka panja. Zaka zonsezi sanandibisirepo kanthu, koma njala imasintha anthu, ndipo ali ndi amayi awo tsidya linalo amenenso madzi anawapeza. Mwina ndi zimenezo. Mwina si zimenezo. Ndikudzida chifukwa choganiza chomwechi.

Musachite kanthu, Achimwene, ndagwira mwendo wanu. Ndipatseni masiku ndiwafunse bwino ndekha. Ndakuuzani ngati mlongo wanu, osati ngati mboni.

Mlongo wanu.

*

Kumosungira katundu, m'tauni
15 Febuluwale

Mlongo wanga,

Moni nonse. Ndilemba mwachidule chifukwa lole ikunyamuka.

Utsi sufuka popanda moto. Msasa wanu wabiriwira kachitatu ana ako akumwa madzi a phala, ndiye ukuti ndikhale chete? Pa msonkhano wa mabungwe anandifunsa pamaso pa anthu ngati ndikuteteza wachibale. Ndinalibe pothawira. Ndawauza zonse, ndi za jekete zomwe. Ukwiya, ndikudziwa, koma tsiku lina udzandithokoza.

Agwirizana kuti khadi la amuna ako litsekedwe akangofika pamlatho ulendo wotsatira, ndipo nkhaniyi aipereka kwa apolisi. Akufunafuna boti lina. Iwe usamuchenjeze. Ngati ndi wosalakwa akadziyeretsa yekha, pakamwa ali napo ngakhale sapagwiritsa ntchito.

Mchimwene wako.

*

Kumsasa wa pasukulu
18 Febuluwale

Achimwene,

Lero moni palibe.

Bambo a ana anapita dzulo kumlatho ndipo sanabwere. Tamva kwa anamwino amene afika ndi boti lawo m'mawa uno kuti apolisi anawatenga pa geti ya depoti, anthu akuonerera, boti lathu n'kulimanga ndi tcheni pachitsulo cha mlatho. Akuti wapolisi wina ananena mokweza kuti, “Ngakhale mkazi wako wachitira umboni, ufa anaupeza pajekete.” Mawu amenewo ndinauza munthu mmodzi yekha padziko lapansi. Simunandiyankhe n'komwe kalata yanga, munangoitenga n'kukaiyala pa tebulo la mabwana anu.

Mukudziwa chimene anamwino andiuzanso? Akuti pamlathopo eni maboti amathandizana kusenza. Boti la msasa wina likamadzaza, onse amene alipo amaika mapewa. Akuti bambo a ana, ngakhale abwezedwe opanda kanthu, sachoka asanathandize anzawo kukweza matumba awo. Ufa wa pajekete ndi umenewo. Ankasenza chakudya cha ana a eni, awo ali ndi njala, ndipo analibe mawu oti andifotokozere chifukwa ndinawafunsa ngati wapolisi.

Kuno zinthu zaipa. Anthu akuti mbava yagwidwa, tsono otsala ake atulutse chimene anabisa. Azimayi atatu anabwera kudzagwedeza zofunda zathu ndi kusuzumira m'mapoto. Mwana wanga wamkulu wamenyana ndi mnzake amene anamutcha mwana wa khoswe. Ndipo ufa sunabwerebe, chifukwa tsopano ngakhale boti lopita kukabwezedwa kulibe.

Komabe funso langa loyamba lija likadalipo. Ngati bambo a ana sanabe, ndipo inu mukuti simunapatutse, ufa wathu ukudyedwa ndi ndani? Ine pano sindikhulupiriranso munthu, kaya kalaliki, kaya mabwana anu, kaya inu.

Muli kalata ina m'katimu, ya Ababa. Analemba masiku apitawo koma anakana kuipereka kwa bambo a ana chifukwa inalibe envelopu. Mukuwadziwa anthu a ku positi, akuti kalata yamaliseche siyenda. Envelopu apempha kwa anamwino lero. Sindinaiwerenge, ndipo sindikudziwa ngati muyenera kulandira madalitso amene ali m'menemo.

Mlongo wanu, poti chibale ndi fupa.

*

Kumsasa wa pasukulu
14 Febuluwale

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino pamodzi ndi apongozi anga ndi adzukulu. Ine ndili bwino, kupatula miyendo imene ikudandaula ndi simenti ya m'kalasi.

Cholinga cha kalata ino ndi kukudziwitsa kuti bambo ako sanakalambe pa ntchito. Foni ya komiti imene a bungwe lanu anasiya, mkamwini wanga anaipereka kwa ine tsiku lomwelo. Anati iye amakhala pamadzi ndipo akhoza kuigwetsera mumtsinje, komanso pamsasa pano palibe wina amene anagwirapo ntchito ya mauthenga. Ananena zoona. Zaka zanga zonse za ku positi palibe telegalamu imene inagona pa tebulo langa osayankhidwa.

Netiweki kuno imapezeka pamalo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa zimbudzi za sukulu. M'mawa uliwonse ndimavala jekete ndi kukwera pamenepo ndi ndodo yanga, foni ndili nayo m'mwamba ngati ndikuyitana mvula. Ana amandiseka, koma ntchito ndi ntchito. Uthenga wanu wafika katatu, wonena kuti ufa wanyamuka, ndi kuti tikaulandira tidine 1. Ndikukutsimikizira kuti katatu konse ndinaulandira bwinobwino, mawu onse omveka, ndipo ndinadina 1 nthawi yomweyo ndisanatsike n'komwe pachulu. Kenako ndimapita kukauza mkamwini kuti awutse injini. Uwauze akuluakulu ako kuti ku msasa uno uthenga sugona.

Ndamva kwa mlongo wako kuti mawu a uthengawo unalemba ndiwe. Ndinanyadira kwambiri, ndipo ndinaonetsa aphunzitsi aakulu. Ndi mawu aulemu ndi achidule, ngati a telegalamu.

Chodandaulitsa n'chakuti ufa weniweniwo sukufika. Mkamwini akuvutika kwambiri ndipo anthu akumunena zoipa, pamene ine ndikumudziwa kuti ndi munthu woongoka. Chonde fufuza kumene katunduyu akutsakamira. Mbali ya mauthenga usade nayo nkhawa, ili m'manja mwanga.

Ndine bambo ako.

*

Kumosungira katundu, m'tauni
21 Febuluwale

Alamu,

Ndikulemba kwa inu mwini, ngakhale sindikudziwa poyambira. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani mutafika kwa ana. Dalaivala wandiuza kuti apolisi anakutulutsani dzulo ndipo tcheni achotsa paboti.

Kalata ya Ababa ndinaiwerenga nditaimirira pakhomo la mosungira katundu. Ndinathamangira pa kompyuta kukayang'ana chinthu chimene ndikanayang'ana pa tsiku loyamba: osati tsiku lokha, koma nthawi. Ulendo uliwonse 1 ankafika m'mawa, inu musanafike n'komwe pa geti ya depoti. Ababa ankadina kuti alandira uthenga. Kompyuta inkamva kuti alandira ufa. Mukamafika pamlatho dzina lanu linali litabiriwira kale, kalaliki n'kukubwezani, matumba anu n'kuperekedwa kwa ena. Ena mwa matumba amene munkathandiza kukweza m'maboti a anzanu anali anu omwe.

“Mukaulandira.” Uthenga timaulandira, ufa timaulandiranso. Ndinadula mawu kuti akwane bwino pafoni, n'kusiya ka “u” kamodzi kanyamule zinthu ziwiri. Misasa ina sinagwe m'dzenjeli chifukwa kumeneko amadina ufa utafika, ena sadina n'komwe mpaka tiwakumbutse. Ababa okha ndi amene amayankha uthenga ukangofika, monga anazolowerera.

Ndinakanena ndekha pa msonkhano wa mabungwe, pamaso pa onse amene ndinakunenerani. Mawu tawasintha, tsopano akuti, “Matumba a ufa akafika m'manja mwanu, dinani 1.” Kalaliki wauzidwanso kuti munthu akabwera n'kunena kuti sanalandire, aziimba foni kuno m'malo momubweza. Ufa wanu wonse wa maulendo anayi uli pa lole imene yabweretsa kalatayi. Za ntchito yanga mabwana akuti aona sabata yamawa, ndipo chimene angagamule ndachivomera.

Alamu, ndinakulakwirani. Kompyuta sinanene kuti ndinu mbava, inangoonetsa mtundu wobiriwira. Mawu oti mbava ndinawonjezera ndine, chifukwa ndinali nawo kale mumtima. Mlongo wanga musamuimbe mlandu, za jekete anandiuza akulira ndipo anandipempha kuti ndisachite kanthu. Ababanso ngati n'kotheka musawauze, zingawaphe ndi manyazi.

Ndikupempha kuti uthenga wanga wopepesawu muulandire. Ndiyankheni, ngakhale ndi mzere umodzi.

Mlamu wanu.

*

Kumsasa wa pasukulu
26 Febuluwale

Alamu,

Moni. Kuno tadzuka.

Ufa unafika. Ndinayenda maulendo atatu, anzanga a maboti ena anandithandiza kusenza. Ana adya. Anthu amene anandidikirira pagombe tsiku lija ndi omwewo anabwera kudzatsitsa matumba. Ena anapepesa, ena anangoyang'ana pansi. Mwana wanga wamkulu sakufunabe kutuluka m'kalasi.

Ababa anadziwa okha ataona kuti mawu a pafoni asintha. Anakhala tsiku lonse osadya, kenako anabwera kudzandibwezera foni. Ndinakana. Ndinawauza kuti iwo anayankha chimene anafunsidwa. Akukwerabe pachulu m'mawa uliwonse, koma tsopano sadina kanthu mpaka atagwira thumba ndi dzanja lawo.

Kalata yanu ya pa 15 dalaivala anandipatsa ndisanafike pa geti. Inali m'malaya mwanga pamene ankandimanga. Ndinagona nayo m'chitokosi masiku onse aja, sindinaitsegule poti sinali yanga. Nditafika ndinaipereka kwa mwini wake, mlongo wanu. Anaiwerenga, kenako anandiwerengera mokweza, ndi zina zija zonse anandiuza. Makalata onsewo ndinkanyamula ndine, kupita ndi kubwera, ndipo palibe imene inanyowa.

Mayi a ana tikuyankhulana. Jekete lija ndikuchapa ndekha.

Mumati sindiyankhula. N'zoona. Ndinkaganiza kuti munthu akamakuona zaka zonsezi, mawu safunika.

Mwapempha mzere umodzi wonena ngati ndaulandira. Ndaulandira, alamu. Ndikunena uthengawo. Chinacho chikadali panjira, ndipo pepani sapoletsa chilonda tsiku lomwelo. Chikadzafika m'manja mwanga ndidzadina 1.

Mlamu wanu,
wa boti.